Mmene Amalume Adagulitsira "Moyo Wosatha"

Aliyense amene adayendako m'makwalala a ku Chinsapo, ku Area 25 kapena ku Mgona akuzidziwa nyumba zija zidaima pa mawindo. Makoma alipo, denga palibe, ndipo pamene padayenera kukhala pabalaza pamera maungu. Eni ake mukawafunsa amangoti, "Tidzamaliza zinthu zikayenda." Mu Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, ndime 28 mpaka 30, Ambuye Yesu akutichenjeza za munthu woyamba kumanga nsanja asanawerenge chuma chake, amene anthu amamuseka poona kuti walephera kutsiriza. Ndimeyi timaimva kawirikawiri kuno ku seminale, ndipo phunziro lake ndi lomveka. Komatu pali funso lina limene sitifunsa kwenikweni. Nanga munthu amene adawerengera bwinobwino, zinthu n'kumutembenukira pakati pa njira, achite nayo chiyani nsanja yakeyo? Ine yankho ndidaliona ku Biwi pa tchuthi cha Khrisimasi cha 2024, pamene amalume anga adagulitsa njinga yamoto imene adakhala akuipanga zaka zitatu osaimaliza.

Amalume ndi mmisiri wowotcherera zitsulo. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula chakufupi ndi Biwi Triangle, kumene anthu ambiri a mu Lilongwe amathamangira galimoto ikawavuta. Vuto lawo lalikulu lidali mayendedwe. Munthu akawaitana kuti akaike geti ku Kawale kapena ku Area 23, ndalama yonyamulitsira makina owotcherera inkadya gawo lalikulu la phindu lawo. Tsono m'chaka cha 2021 adamva kuti ku Area 25 kuli chigoba cha njinga yamoto ya Honda CG125 chimene chidangogona kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikirapo mazira. Adachigula motchipa pamodzi ndi bulu buku yake, nabwera nacho pa ngolo yokankha.

Sadasankhe mwachisawawa ayi. Kampani ya Honda idayamba kupanga CG125 m'chaka cha 1975, ndipo idaipangira dala maiko onga lathu lino, kumene misewu ndi yafumbi ndipo anthu amachedwa kusintha oyilo. Injini yake ndi yosavuta kumasula, ndipo njinga zambiri zochokera ku China zimene akabaza amayendetsa masiku ano zidatengera kapangidwe ka injini yomweyo. N'chifukwa chake zipangizo zina zogulitsidwa ku Biwi ndi ku Malangalanga zimalowa ndithu. Tsiku lina ndidawasimbira zimene ndidawerenga, kuti mwini kampaniyo, Soichiro Honda, adayamba m'chaka cha 1946 ku Hamamatsu, m'dziko la Japan, pomangirira pa njinga zakapalasa timainjini totsala ku nkhondo, timene asilikali ankayatsira mawailesi awo. Amalume adaseka nati, "Ndiye kuti nayenso adali wa ku Biwi konkuno, mphwanga."

Cholinga chawo sichidali kungoidzutsa njingayo. Ankafuna njinga yoti palibe sitolo imene ingagulitse. Adadula felemu chakumbuyo naitalikitsa, kuti pakhale malo oikapo makina awo. Adapinda okha mahandulo kuchokera ku paipi, molingana ndi kutalika kwa mikono yawo. Adaikapo thanki yaikulu yochokera ku njinga ina, nawotcherera ekizozi yatsopano yokwera m'mwamba kuopa matope a m'dzinja. Chishalo adakasoketsa kwa mmisiri wa mipando ku Mchesi. Loweruka lililonse madzulo, anzawo akupita kukaonera mpira, iwo ankavundukula lona n'kukhala pansi ndi sipanala. Popeza miyezi inkangopita njingayo osatuluka pa geti, amisiri anzawo adaipatsa dzina lakuti "Moyo Wosatha". Munthu akamadutsa ankafuula kuti, "Amisiri, Moyo Wosatha uli bwanji?" Iwo n'kuyankha, "Ukubwera, khalani okonzeka!"

Amalume sadali munthu wosawerengera. Adali ndi kope la ana a sukulu mmene ankalembamo bawuti iliyonse imene agula, tsiku lake ndi mtengo wake, ndipo kumapeto kwa kopelo adalembamo zotsala ndi mitengo yake. Koma mitengoyo idali ya 2021. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Zipangizo za njinga zamoto zimachokera kunja, motero ndalama imene kale ikadagula zinthu zitatu idayamba kugula chimodzi. Nawonso anthu ofuna mageti adachepa, pakuti munthu sayamba geti m'nyumba mulibe ufa. Kenaka kudadza ng'amba ya 2024, imene idachititsa Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, kulengeza mu Malichi chaka chomwecho kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Pofika Novembala nkhokwe ya agogo kumudzi idali mbee.

Mwa ife Achewa, malume ndiye mwini mbumba. Njala ikalowa kumudzi, uthenga umafika kwa iye. Mwana wa mlongo wake akasowa fizi, maso onse amaloza kwa iye. Chaka chimenecho zonse ziwiri zidafika pamodzi: chimanga cha agogo, ndiponso fizi yanga ya teremu yachiwiri. Paja akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Nditangofika kutchuthi, amalume adandiitana nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wa sukulu. Tenga cholembera, tigulitse Moyo Wosatha." Adanena moseka, koma sadandiyang'ane kumaso.

Choyamba tidawonkhetsa za m'kope muja. Zidakwana K780,000, osawerengera thukuta la Loweruka lililonse kwa zaka zitatu. Amalume adalemba mtengo womwewo pa katoni n'kupachika pa geti. Woyamba kubwera adali wogulitsa zipangizo zakale. Adaizungulira kawiri njingayo, nagogoda thanki ndi chala, nati apereka K230,000. Amalume atamuonetsa kope lija, iye adakankha kopelo mwaulemu nati, "Madala, ine sindikugula thukuta lanu, ndikugula zitsulo. Injini ndigulitsa payokha, malimu paokha, zotsalazo zipita kwa ogula zitsulo pa sikelo."

Mawuwo adali owawa, koma mudali choona. Chinthu chosamaliza sichigulidwa pa mtengo wa zimene zidalowamo. Wogula amawerenga zimene zatsala, ndipo amaonjezapo mantha a zimene sakuziona. Chinanso, chinthu chimene munthu wapanga molingana ndi thupi lake ndi ntchito yake chimakhala chamtengo kwa iye yekha. Mahandulo opindidwa poyesa mikono ya amalume sangakometse njinga m'maso mwa munthu wamfupi. Amalume adakana mtengowo, osati chifukwa cha kuchepa kokha, koma chifukwa sadafune kuona njingayo ikuphwasulidwa ngati mbuzi ya pa ukwati.

Mawa lake kudabwera dobadoba wina, mmodzi mwa anthu aja amene amapezera ogulitsa ogula n'kudyapo pakati. Iyeyu adabwera ndi nzeru zake. Adati utsi umene injini imatulutsa chifukwa cha malingi otha ungabisike kwa tsiku limodzi pothira oyilo wolimba kwambiri. Adati pamene felemu idadulidwa pamatidwe bwino n'kupakapo penti wakuda, palibe adzadziwe. Za mapepala adati tingonena kuti zonse zili m'malo mwake, wogulayo akazionera yekha ku Road Traffic. Chifukwatu apa padali nkhani. Injini yoyamba ya njingayo idali yosweka, ndipo amalume adagula ina. Motero nambala ya injini imene idali pa njinga idali yosiyana ndi ya mu bulu buku, ndipo adali asanakasinthitse. Dobadobayo adati tikatero tipeza K700,000 mlungu usanathe.

Amalume adamuperekeza mpaka pa geti mwaulemu. Atabwerako adatenga sandipepala n'kupala penti yense amene adali kale pamfundo ya felemu ija, mpaka chitsulo chidaonekera mbuu, mzere wowotcherera uli poyera. Kenaka adandiuza kuti ndigawe pepala pakati. Mbali ina ndilembe "Zilipo", mbali inayo "Zatsala". Pa zotsala tidalembapo izi: buleki yakutsogolo ilibe chingwe ndiponso mashuzi ake adatha, mawaya a magetsi sadalumikizidwe, motero nyali ndi zolozera kokhotera siziyaka, malingi a pisitoni ndi otha, injini imalira koma imafuka, mashokapu akumbuyo ndi ofooka, felemu idadulidwa n'kuwotchereredwa, ndipo sidayesedwepo ndi katundu pamsewu, nambala ya injini ikusiyana ndi ya m'buku, ngakhale lisiti yogulira injiniyo ilipo, inshulansi palibe. Mbali ya zotsala idatalika kuposa inzake. Pepalalo tidalimata pa thanki.

Munthu wachiwiri adafika patapita masiku anayi. Adali mnyamata wa ku Chinsapo, wa zaka ngati makumi awiri. Adanena kuti makolo ake kumudzi adagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti iye ayambe kabaza. Njinga yatsopano sakadaikwanitsa, ndipo Moyo Wosatha udamukopa ndi thanki yake yaikulu ndi malo otambalala kumbuyo. Pepala lija adangoliyang'ana pamwamba. Adati, "Bambo, kumbuyoku kukhoza kukwera anthu awiri ndi thumba lomwe. Ndili ndi K600,000 pompano."

Ine mtima udagunda, pakuti ndalamayo ikadakwanira chimanga cha agogo ndi fizi yanga yonse. Amalume adakhala chete kanthawi. Kenaka adamugwira dzanja mnyamatayo n'kuika chala chake pamfundo ya felemu ija. Adati, "Achimwene, apa ndidadula ndine, ndidalumikizanso ndine. Ndidapangira makina anga, kuti ndiziyenda nawo pang'onopang'ono ndili ndekha. Makina akagwa ndidzagula ena. Koma inu mukufuna kukwezapo mayi wobereka mwana kumbuyo, m'maenje a ku Chinsapo, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ine sindidayese ngati mfundoyi ingapirire zimenezo. Njinga iyi sindikugulitsani."

Mnyamatayo adayesa kuchonderera. Adati adzasamala, adati ngozi ndi ngozi basi. Amalume adamulangiza kuti asunge ndalama zakezo, aonjezere, adzagule njinga yosadulidwa yokhala ndi mapepala olongosoka, pakuti malamulo a pamsewu amafuna kuti njinga yamoto ikhale yolembetsedwa, ya inshulansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi ndi chipewa choteteza mutu. Adachoka ali wokhumudwa. Amene adakazondako wodwala ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central akudziwa kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo pa ngozi za kabaza, ndipo amalume adakhala akupitako kukaona mmisiri mnzawo chaka chomwecho.

Musaganize kuti kunyumba adawaombera m'manja. Usiku umenewo nsima idadyedwa mwakachetechete. Akazi awo a amalume adafunsa funso limene mpaka lero ndimaliganizira. Adati, "Kodi chilungamocho ndicho tikatumize kumudzi? Mwamuuza zoona, iye wavomera yekha. Akapita kwina akagula yoipa kuposa iyi, ndalama n'kudya ena." Mawu amenewa sadali a munthu woipa mtima. Adali a mayi amene amadziwa kuti ufa watsala wa masiku angati. Amalume adangoti, "Akagula kwina, mfundoyo sikhala yanga."

Titatsegulira sukulu ndidawafotokozera Bambo otithandiza pa moyo wauzimu nkhani yonseyi, ndipo adandiuza kuti funsoli ndi lakalekale. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalikambapo m'buku lake lotchedwa Summa Theologiae, pa funso la 77 la chigawo chachiwiri cha gawo lachiwiri, pamene akukamba za chinyengo pa malonda. Iye akuphunzitsa kuti chilema chikakhala choonekeratu, monga kavalo wa diso limodzi, ndipo wogulitsa watsitsa mtengo moyenera, palibe chomukakamiza kuchilengeza. Koma chilema chikakhala chobisika, ndipo chingadzetse ngozi kapena kuluza kwa wogula, wogulitsa ayenera kuchiulula, apo ayi malondawo ndi achinyengo. Bambowo adaonjeza kuti apa malamulo awiri a Mulungu amakumana, lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, ndi lachisanu ndi chitatu loletsa bodza. Amalume sadawerengepo Thomas Woyera, sukulu adalekezera Sitandade 8. Koma popala penti uja adasandutsa chilema chobisika kukhala choonekera. Ndipo pokana ndalama za mnyamata uja adapitirira pamenepo, chifukwa adaganizira anthu amene sadali pa malondawo, amene akadadzakwera njingayo osaliona pepala la pa thanki.

Wogula weniweni adafika Khrisimasi itapita. Adali bambo wa ku Area 23, amene adaphunzira umakaniko pa sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco komweko. Iyeyu adayamba wawerenga pepala lonse, mzere ndi mzere. Adagwada n'kuyang'anitsitsa mfundo ija, naliza injini, natchera khutu nthawi yaitali. Adafunsa za lisiti ya injini, ndipo adaiona. Kenaka adati, "Amisiri, njinga zosamaliza ndaziona zambiri, koma yondiuza yokha matenda ake ndi ino. Chimene chimandiopsa pogula chinthu chotere si zimene zasowa, koma zimene mwini wake wabisa." Iye ankafuna yonyamulira mabuledi m'mawa kupita nawo m'maokala, ndipo adati pamfundopo adzaikapo zitsulo zina ziwiri zolimbitsa asanasenzetse kanthu.

Adagwirizana K450,000. Adapereka K300,000 tsiku lomwelo kudzera pa foni, yotsalayo mu Januwale. Ine ndidalemba kalata ya mgwirizano, momwe mudali nambala ya felemu, nambala ya injini, ndi mawu akuti wogula waona ndipo wavomera zonse zolembedwa pa pepala la zotsala, ndiponso kuti awiriwo adzapitira limodzi kukasinthitsa umwini ku Road Traffic. Mboni ziwiri zidasayina. Wogulayo adaseka nati ku sukulu kwawo adawaphunzitsa kuti Don Bosco mwini wake, ku Turin m'chaka cha 1852, ankalemberana makalata a mgwirizano ndi amisiri olemba ntchito anyamata ake, kuti pasakhale wopondereza mnzake. Pomaliza amalume adalowa m'nyumba n'kutulutsa kope lija, ndi chitini cha mabawuti amene adawasunga mosiyanitsa. Adampatsa zonse ulere, namufotokozera bawuti iliyonse kumene imapita.

Tikawerengera mwa masamu, amalume adaluza K330,000 ndi Loweruka la zaka zitatu. Akadamvera dobadoba uja, kapena kulandira za mnyamata wa ku Chinsapo, kuluzako kukadachepa. Ndalama zimene zidapezeka zidagula chimanga cha agogo ndi kulipira theka la fizi yanga. Theka linalo Bambo Msungichuma adalola kuti lidzabwere pang'onopang'ono, ndipo lidatha kulipidwa pa Pasaka. Nyengo yomweyo amalume adakumana nayo njinga ija ku Kawale m'mamawa, ikuyenda, makreti a buledi ali kumbuyo. Pondiuza adangoti, "Wasintha mahandulo."

M'buku loyamba la Mbiri, mutu 22, timawerenga kuti mfumu Davide idafunitsitsa kumangira Mulungu nyumba, koma sidaloledwe. Davide sadataye zimene adasonkhanitsa. Adakonza miyala yosema, chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, nazisiya m'manja mwa Solomoni pamodzi ndi malangizo. Nyumbayo imatchedwa ya Solomoni, koma misomali yake idali ya Davide. Ntchito imene munthu sadaimalize siikhala yotayika ngati waisiya mwadongosolo, ndipo wanena poyera pamene walekezera.

Anzanga aseminale, nkhani imeneyi ikutikhudza ife kuposa ena onse. Tonse tikudziwa kuti amene timalowa Fomu 1 timakhala ambiri, opita ku Kachebere amakhala ochepa, ndipo ofika ku St Peter's ku Zomba mpaka kudzozedwa unsembe amachepa koposa. Mnzathu akanyamula sutikesi yake pakati pa chaka, timanong'onezana ngati kwagwa maliro, ndipo kwawo ena amamutcha wolephera. N'chifukwa chake ena amapitirira ulendowu mtima utachoka kale, kuopa kusekedwa. Ena amadziwa kuti pena pake m'moyo mwawo pali mfundo yofooka, koma amapakapo penti ya ulemu ndi kugwada kwambiri m'tchalitchi, kuti aphunzitsi ndi ansembe asaone. Komatu wansembe ndi munthu wonyamula anthu. Amanyamula olira, odwala, ana, ndi zinsinsi za mu ulapi. Mfundo yobisika siithyoka njinga ili pansi pa lona. Imathyoka pamsewu, anthu ali kumbuyo.

Tsono ndikuona kuti aliyense wa ife ayenera kukhala ndi pepala lake logawidwa pakati, zilipo ndi zatsala, ndipo azilionetsa kwa Bambo omuthandiza pa moyo wauzimu mosabisa. Mwina iwo adzati apa tiikapo chitsulo cholimbitsa, ulendo upitirire. Mwina adzati njinga iyi ndi yabwino ndithu, koma idapangidwira katundu wina. Zonse ziwiri ndi zabwino kuposa kunyenga. Mnyamata wochoka ku seminale moona mtima sachoka chimanjamanja. Amatenga maphunziro, mwambo wa mapemphero ndi khalidwe, zimene zidzatumikira Eklezia m'banja, mu mphakati ndi pa ntchito.

Kwa inu makolo athu okondedwa, tikuthokoza chifukwa cha mbuzi, mtedza ndi njinga zimene mumagulitsa kuti ife tikhale pano. Tikudziwa kuti aliyense wa inu ali ndi kope lake mumtima. Pempho lathu ndi lakuti mwana wanu akadzabwera kudzakuuzani zoona za mtima wake, musadzamuwerengere za m'kopemo. Mudzamumvere, pakuti choona chimene wanenacho ndi chipatso cha fizi yanu yomweyo. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, atipempherere ife tonse, amene tidzamalize ndi amene adzasiyire ena, kuti ntchito ya manja athu isadzagwetse munthu.